Ndinawaonetsa Alamu Mipukutu Yopanda Kanthu

Aphungu,

Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuing'amba. Kale ndikanati palibe vuto, pepala kwathu silisowa. Masiku ano ngakhale limenelo lasanduka bodza.

Ndine bambo wa zaka 52. Ndagwira ntchito zaka 26 pa kampani yopanga makatoni. Si kampani yaikulu. Antchito sitikwana mazana awiri, makina akuluakulu ndi atatu, malole asanu, awiri mwa iwo ali pamiyala. Timapanga makatoni a sopo, a mafuta ophikira, a mabisiketi, ndi timathireyi toikamo mazira. Ine ndimayang'anira nyumba yosungiramo pepala. Pepalalo limabwera m'mipukutu ikuluikulu, umodzi kutalika kwake kufika pachifuwa pa munthu wamkulu. Ndimalandira, ndimayeza, ndimalemba, kenako ndimapereka ku makina.

Anandilowetsa ntchitoyi ndi malemu achimwene anga, amene ankayendetsa lole pakampani pomwepa. Aphungu, mundikhululuke ndikatalikitsa, koma ndikufuna mudziwe kuti malowa ndinawakonda. M'mawa unkayamba kumva fungo la guluu wotentha usanafike n'komwe pageti. Makina akayamba, pansi pankanjenjemera mpaka m'mano. Tinkayankhulana ndi manja ngati osamva, ndipo nthabwala zathu zonse zinali za m'manja. Ukavala yunifolomu yathu ya buluu, kondakitala ankakuitana kuti abwana.

Kapitawo amene ndinamupeza m'nyumba ya pepala anandionetsa mzere wa choko umene unajambulidwa pakhoma, pamwamba ndithu, pofika ndi makwerero. Anati: "Iwe, za thanzi la kampani usamakafunse a mu ofesi, amenewo amadwala matayi. Pepala likafika pamzerewu, ntchito ilipo ya miyezi itatu. Yang'ana khoma, tchera khutu ku makina. Makina akamalira, mphika kwanu ulira." Mawu amenewa ndinawameza ngati lemba. Chaka chilichonse ndinkakwera makwerero kukatsitsimutsa mzerewo ndi choko chatsopano.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kampani inalowa pamsika wa masheya. Aliyense wa ife anapatsidwa masheya ochepa, ndi chikalata chokongola chokhala ndi dzina lake. Tinayenda modzimva sabata yonse. Mlonda wa pageti anauza bwana wamkulu kuti, "Lero ndikutsegulirani monga mwini mnzanu." Zaka zoyambirira gawo lathu la phindu linkabweradi. Linali lochepa, koma linkabwera.

Achimwene anamwalira zaka zisanu zapitazo. Anasiya mkazi ndi ana awiri, ndi puloti imene anamangapo nyumba mpaka pamawindo. Alamu angawo ndi telala, ali ndi kashopu m'mbali mwa msewu wopita ku fakitale. Ndalama za imfa ya achimwene zitatuluka, anabwera kwathu, anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Anati: "Alamu, ndalama zochuluka chonchi ine sindinazigwirepo. Achibale ayamba kale kundiyendera, aliyense ndi matenda ake. Ndiziike kuti zisanathe?"

Ine ndinadziguguda pachifuwa. Ndinati: "Ikani kwathu. Kampaniyi ndimaidziwa ngati thumba la buluku langa. Sopo adzasiya liti kufuna katoni?" Anagula masheya ndi magawo awiri mwa atatu a ndalamazo. Nthawi imeneyo sheya imodzi inali pa mtengo wa malofu awiri a buledi. Lero siikwana theka la lofu.

Zinthu sizinagwe tsiku limodzi. Gawo la phindu linasiya kubwera zaka zitatu zapitazo, akuti ndalama zikupita ku chitukuko cha kampani. Pepala linayamba kutsika pansi pa mzere. Alamu akandifunsa, ndinkati: "Simukuwamva makinawo? Mpaka kushopu kwanu akumveka." Ndipo ankamvekadi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ankalirira munthu wosalipira. Kampani ina ya mabisiketi inatenga makatoni athu miyezi isanu ndi itatu osapereka kanthu, kenako inatseka. A sopo anapeza makatoni otchipa kwina. Amene amatigulitsa pepala anakana kutumiza mpukutu ngakhale umodzi tisanalipiriretu. Malipiro athu anayamba kuchedwa, kufika pa 10 mwezi wotsatira, kenako pa 17. Mnzathu wina atapuma ntchito anakapeza kuti ndalama za penshoni zimene ankadulidwa mwezi ndi mwezi sizinatumizidwe kwa chaka ndi miyezi iwiri. Bwana wa zachuma tinamupatsa dzina loti Bwana Mawa. Simufunika kufunsa chifukwa chake.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidya.

Mwezi wathawu kunali msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Zaka zonse unkachitikira ku hotela. Chaka chino anati uchitikira ku fakitale, kuti eni aone chuma chawo ndi maso. Ife tinadziwa kuti ya hotela yasowa. Kutatsala tsiku limodzi, chakumasana, Bwana Mawa analowa m'nyumba yanga ya pepala, koyamba pa zaka zitatu, akusamala nsapato zake ku fumbi. Anayang'ana khoma. Nyumbayi imadzaza ndi mipukutu 140. Tsiku limenelo inalimo 19.

Anati: "Mdala, khoma ili lili maliseche. Livekeni."

Ndinafunsa kuti ndiliveke chiyani. Anandilozera migolo yotha guluu imene inaunjikidwa kuseri, ndi zidutswa za pepala zotaya. Migoloyo tiikulunge ndi zidutswazo, tiisanje kumbuyo ndi pamwamba, mipukutu yeniyeni ikhale kutsogolo kumene alendo angaigwire.

Ndinati: "Bwana, imeneyi ndi ntchito ya ku saluni, si ya kuno."

Anaseka. Anati: "Mdala, kwanu kukamabwera alendo simusesa pakhomo? Ndiye tikusesa basi." Atafika pachitseko anatembenuka. "Paja zaka zanu zatsala zingati kuti mupume? Ndi bwino kuzimalizira muno, eti?"

Tinachita. Ndipo Aphungu, chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndinachita bwino. Dzanja lozolowera ntchito yaudongo silidziwa kunama mwachisawawa. Ndinakulunga migolo ija mosamala, ndinabisa m'mphepete, ndinamata ngakhale timapepala ta kulemera kwake. Pofika nthawi yoweruka, pepala linali litafika pamzere wa choko. Ndinaima n'kuliyang'ana, ndipo kwa kamphindi mtima wanga wopusawu unakondwera ngati kale.

M'mawa mwake anafika eni masheya. Si anthu a magalimoto aakulu ayi. Ndi aphunzitsi opuma, anamwino, azibambo a majekete otha m'zigongono. Pakati pawo panali alamu anga, atavala diresi limene anadzisokera okha chifukwa cha tsikulo, chipewa cha alendo chili pamwamba pa mpango. Atalowa m'nyumba yanga ya pepala anaimika manja m'mwamba.

"Alamu! Pepala lonseli? Ndiye anthu amanenanji kuti kampani yadwala? Nsanje basi!"

Anasisita mpukutu umodzi wa kutsogolo ngati akusisita nsalu yodula. Kenako anagwira mkono mayi wina amene anayenda naye, n'kumuuza kuti: "Awa ndi alamu anga, ndi amene amasunga zonsezi. Ine nkhawa ndilibe. Malemu amuna anga akanaona akanalira."

Ine ndinamwetulira, Aphungu. Ndinamwetulira mpaka masaya anawawa.

Pamsonkhanopo analengeza kuti kampani ikugulitsa masheya atsopano kwa eni akale pa mtengo wotsika, ndipo mwayiwu utha kumapeto kwa mwezi uno. Alamu atsimikiza mtima kugula. Ndalama alibe, ndiye akugulitsa puloti ija. Wogula wapezeka kale, akasainirana Lachisanu sabata yamawa. Nditamva ndinati, "Tiyeni tiganizire kaye." Anandiseka, mapini ali pakamwa. Anati: "Mwayamba mantha a ukalamba, alamu? Nsalu ikatchipa, telala wanzeru amagula mpukutu wonse. Nyumba ndidzamanga ina, yabwino kuposa ija, phindu likayamba kubwera."

Ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonse. Anati: "Pakamwa pa alamu anuwo mukupadziwa. Shopu ija ndi wailesi. Mukawauza Lamlungu, Lolemba nkhani ili pageti, Lachiwiri inu muli panja. Ana atatu awa adzadya makatoni?" Sindingawanene kuti ndi ouma mtima. Tonse pakampani tinasaina pepala loletsa kuulula za mkati. Ndipo munthu wa zaka 52 amene amangodziwa kuyeza mipukutu, angamulembe ntchito ndani?

Tsopano popita kuntchito ndimazungulira njira ya kuseri, yodutsa m'matope, kuti ndisadutse pashopu pawo. Ndikamva fungo la guluu ndimatembenuzira nkhope kumbali. Bwana Mawa wagula galimoto ina, ndipo akamadutsa amandikwezera dzanja ngati mnzake. Mwina ndinedi mnzake.

Ndiwauze alamu kapena ndikhale chete? Ndikawauza, ndiwauzenso kuti agulitse masheya akale aja asanatheretu? Ndipo munthu amayambira pati pouza mkazi wa mbale wake kuti chimene anaombera m'manja chija ndi migolo?

Ine wosowa mtendere,
B. N. M., kumizere ya kuseri kwa fakitale


Bambo B. N. M.,

Pitani kwa alamu anu Lachisanulo lisanafike. Yankho langa ndi limeneli. Zotsalazi ndikungokuthandizani kuti mupite bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinaika magalasi pansi. Ine ndinakulira pafupi ndi fakitale ya nsapato kumene bambo anga ankadula zikopa. Iwo ankaweruza thanzi la kampani poyang'ana utsi. Utsi ukamatuluka, ankagona tulo. Utsiwo unatuluka bwinobwino mpaka Lachisanu lina, Lolemba anakapeza loko pageti. Sindinawaonepo bambo anga akuoneka aang'ono ngati m'mawa umenewo, atanyamula kachitini kawo ka chakudya kubwerera nako kunyumba. Choncho sindikuseka mzere wanu wa choko. Anthu ogwira ntchito ndi manja amakhulupirira zimene manja angagwire. Koma kulira kwa makina kumangotiuza kuti ntchito ikugwiridwa. Sikutiuza ngati wina akulipira.

Pa ndalama zoyamba zija musadziweruze mopitirira. Munalangiza zimene munkazikhulupirira, ndipo zanu zomwe zili momwemo. Kulakwa kwanu kunali kuika malipiro anu, penshoni yanu, masheya anu ndi chuma cha mkazi wamasiye pansi pa denga limodzi. Kumeneko kunali kusadziwa. Za migolo ndi nkhani ina. Mantha anu ndikuwamvetsa, ndipo amene anakuopsezaniyo ndiye mwini tchimo lalikulu. Komabe manja anali anu, ndipo alamu anu sakugulitsa puloti chifukwa cha Bwana Mawa. Iyeyo samudziwa n'komwe. Akugulitsa chifukwa m'nyumba muja munaima inu.

Yambani ndi mayi a kunyumba. Mantha awo ndi oona, musawapeputse. Koma afunseni funso limodzi: ikanakhala puloti yawo, inu muli m'manda, akanafuna kuti alamu awo akhale chete? Kenako apempheni kuti mupite limodzi. Nkhani yotere ikakambidwa pali mayi mnzawo imatera bwino. Musakakambire kushopu, pamene makasitomala akulowa ndi kutuluka. Pitani kunyumba kwawo, masana, ana atachoka.

Mwafunsa poyambira. Musayambire kutali, za msika ndi mitengo ya pepala, chifukwa mukatero mudzalankhula ola lathunthu osanena kanthu. Nenani kuti: "Alamu, musagulitse puloti. Zimene munaona tsiku lija sizinali zoona, ndipo ine ndinathandiza kuzikonza." Mukatero khalani chete, muwalole ayankhule. Za ntchito yanu muwauze poyera, kuti nkhaniyi ikafika pageti ana anu avutika. Anthu amene timawatcha olongolola nthawi zambiri amasunga bwino chinsinsi chimene apatsidwa mwaulemu. Ngati sasunga, mudzakhala mutataya ntchito ya pakampani imene imalipira pa 17 ndi kudya penshoni yanu. Sindikunena kuti n'zochepa. Ndikunena kuti muyeze bwino chimene mukuteteza.

Tengani lipoti la pachaka limene eni masheya onse anapatsidwa, ndi chikalata cholengeza masheya atsopanowo. Zimenezi si zachinsinsi, alamu anu ali nazo. Dumphani zithunzi za mabwana akumwetulira, pitani kumasamba a kumbuyo a zilembo zing'onozing'ono. Onani ndalama zenizeni zimene zili kubanki, osati phindu lolembedwa. Onani kuchuluka kwa zimene makasitomala sanalipire, ndi ngongole zimene kampani iyenera kubweza chaka chino. Werengani zimene akatswiri ofufuza mabuku a kampani analemba, makamaka ngati akukayika kuti ipitiriza kuyenda. Koposa zonse, fufuzani kumene ndalama za masheya atsopanowo zikupita. Ngati n'zogulira pepala ndi kukonza makina, pali kachiyembekezo. Ngati n'zobwezera banki, ndiye kuti alamu anu akupemphedwa kugulitsa nyumba ya ana awo kuti atseke dzenje limene sanakumbe. Manambala akakuvutani, lipirani pang'ono mlangizi wa zachuma wovomerezeka, amene sadyera kumbali ya kampaniyo, akuwerengereni nonse awiri.

Pa masheya akale aja, chenjerani. Kukana kugula si mlandu kwa wina aliyense. Koma kugulitsa masheya chifukwa cha zimene wa mkati wakunong'oneza, pamene ogula sakuzidziwa, malamulo a misika yambiri amaletsa, ndipo mungadziike m'mavuto inu ndi alamu anu omwe. Ine si loya. Musanagulitse ngakhale sheya imodzi, yanu kapena yawo, kafunseni loya kapena mlangizi uja, mumuuze zonse mmene mwandiuzira ine. Kumbukiraninso kuti amene angagule masheya amenewo mwina ndi mphunzitsi wopuma wina wa jekete lotha m'zigongono.

Mudzitetezenso nokha. Lembani m'kabuku kanu, osati ka kampani, tsiku limene munalamulidwa, amene analamula, mawu amene ananena, amene analipo, ndi nambala yeniyeni ya mipukutu. Mapepala a kampani musatenge n'kupita nawo kunyumba. Ndipo tsiku lowerengera katundu likafika, musasaine pansi pa nambala imene simunaiwerenge ndi chala chanu. Zinthu zikadzaphulika, anthu ngati Bwana Mawa sakumbukira kuti analowapo m'nyumba ya pepala. Adzati iwo amangolandira manambala kuchokera kwa woyang'anira, ndipo woyang'anirayo ndi inu. Ngati muli ndi bungwe la antchito, pitani limodzi mukafunse za penshoni kumene imasungidwa, ndipo mufunse njira yotetezeka yodziwitsira amene amayang'anira msika wa masheya. M'nyumba muja simunalowe alamu anu okha. Yambaninso kufufuza ntchito mwakachetechete. Munthu amene wasunga katundu zaka 26 osasowetsa kanthu ndi wofunika kuposa mmene mukudzionera.

Musayembekezere kuti akuthokozani. Mwina alira, mwina akutukwanani, mwina atchula dzina la achimwene anu m'njira imene idzakulasani. Musadziteteze, ndipo musapemphe chikhululukiro tsiku lomwelo ngati kuti ndi ngongole imene ayenera kukubwezerani musanatuluke. Mwinanso sakukhulupirirani, pakuti maso awo anaona pepala lofika kudenga, ndipo inu mwanena nokha kuti munaigwira bwino ntchitoyo. Akakana, musachoke. Apempheni chinthu chimodzi chokha: auze wogula uja kuti adikire mwezi umodzi. Wofunadi puloti sathawa mwezi.

Chenjezo langa ndi ili. Mtima wanu ukuuzani kuti mudikire pang'ono, mwina wogulayo asintha maganizo, mwina alamu azindikira okha, mwina pepala lenileni lifika sabata ino. Musaumvere. Ndalama zoyamba zija alamu anu anataya inu musakudziwa, ndipo zotere banja limakhululuka pakapita nthawi. Puloti akaitaya, aitaya inu mukudziwa. Zimenezo ana a achimwene anu adzafotokozera ana awo.

Aphungu